Kloramini m'madzi a pampopi ku Johannesburg: kodi tisiye kumwa?

Funso lachokera kwa mayi wina wa ku Johannesburg:

"Zikomo akatswiri. Ndine mayi wa ana awiri. Pa gulu lathu la WhatsApp la amayi ochokera kumudzi kwafika uthenga woti madzi a pampopi kuno amathiramo mankhwala otchedwa kloramini, osakaniza klorini ndi amoniya. Akuti ndi poizoni wopha pang'onopang'ono, amayambitsa khansa, amawononga impso, ndipo ngakhale uwiritse madziwo sachoka. Ndili ndi mantha chifukwa mwana wanga wa zaka 4 wakhala akudzikanda thupi lonse chiyambire June, makamaka akangosamba. Mwezi watha bambo a kunyumba anasintha madzi m'thanki ya nsomba zawo. Madziwo anayamba awasiya panja masiku awiri, koma nsomba zonse zinafa. Komanso tikukhala ndi apongozi anga aakazi, amene amapita kuchipatala katatu pa sabata kukasefetsa magazi pa makina chifukwa impso zawo zinasiya kugwira ntchito. Anzanga ena ayamba kugula madzi a pachitsime kwa munthu wina wogulitsa m'zigubu. Kodi nafenso titero?"

Mayi, mwachita bwino kufunsa musanayambe kugula zigubuzo. Mtima ukhale m'malo. Madzi a pampopi okhala ndi kloramini pa mlingo wololedwa mutha kumwa, kuphikira ndi kusambitsira ana, ndipo apongozi anu nawonso atha kumwa. Komabe sindinena kuti uthenga uja ndi bodza lokhalokha. Amene anaulemba anatola mfundo zina zoona, n'kuzichotsa pamalo pake, n'kuzisoka pamodzi kuti ziopse anthu. Pa ntchito yanga yoyeza madzi ndakumana ndi mantha amenewa kambirimbiri, ndipo ndaona kuti munthu sakhazikika ukangomuuza kuti palibe vuto. Amafuna amve chifukwa chake nsomba zinafa ndi madzi omwe iye akumwa. Tsono mundilole ndifotokoze motalikirapo.

Madzi amene mumatunga m'nyumba mwanu amachokera kutali. Bungwe la Rand Water limawatenga ku damu la Vaal, n'kuwayeretsa ku Vereeniging ndi ku Zuikerbosch, kum'mwera kwa mzindawo, kenako n'kuwapopa kukwera mtunda kudzera m'mapaipi amene mukawaphatikiza onse amapitirira makilomita 3,000. Kuchokera apo a Johannesburg Water ndi makhonsolo ena ndiwo amawagawa m'makomo. Akamaliza kuchotsa matope ndi kusefa, amathira klorini kuti aphe tizilombo toyambitsa matenda. Koma klorini ndi moto wa mapesi, amayaka mwaukali koma sachedwa kuzima. Pakapita maola angapo mphamvu yake imakhala itachepa, pamene madziwo akadali ndi ulendo wa masiku m'mapaipi ndi m'matanki akuluakulu a mzinda. Ndiye pa malo opopera madzi a panjira, monga Eikenhof, Zwartkopjes, Palmiet ndi Mapleton, amawonjezera klorini pamodzi ndi amoniya pang'ono. Ziwirizi zikakumana zimasanduka chinthu china chatsopano chotchedwa monokloramini. Ameneyu sapha tizilombo mwachangu ngati klorini, koma amakhalitsa masiku angapo, mpaka madzi atafika pampopi wanu.

Mwina mungafunse kuti madzi oyeretsedwa kale akufuniranji mankhwala ena m'njira. Chifukwa chake n'chakuti mapaipi si oyera monga timaganizira. Mkati mwake mumamera kandere koterera momwe tizilombo timabisala. Paipi ikaphulika kapena madzi akasiya, mphamvu ya mkati imatsika ndipo madzi akuda a m'nthaka amatha kulowa pa ming'alu. Inu a ku Johannesburg mukudziwa mmene madzi akhalira akusiyirasiyira zaka zino. Pa nthawi ngati imeneyo, kamankhwala kotsalira m'madzi ndi komwe kamakutetezani. Kloramini amalowereranso bwino m'kandere kaja kuposa klorini.

Njira imeneyi si yachilendo. Mzinda wa Denver ku America unayamba kuigwiritsa ntchito mu 1917, ndipo lero munthu mmodzi mwa anthu asanu alionse ku America amamwa madzi okhala ndi kloramini. Madera ena a ku Britain, Canada ndi Australia amachitanso chimodzimodzi. Kwathu ku Malawi tinazolowera klorini yekha, wa ku mpopi, wa WaterGuard, kapena uja amagawa alangizi a zaumoyo nthawi ya kolera, n'chifukwa chake dzinali likumveka lachilendo ndi loopsa.

Mawu oti amoniya ndiwo amadzidzimutsa ambiri, chifukwa timamudziwa ndi fungo lake lotsamwitsa la m'mankhwala otsukira. Koma amene amathiridwa m'madzi akumwa sakwana ngakhale miligalamu imodzi pa lita. Thupi lanu lomwe limapanga amoniya wokwana magalamu angapo tsiku lililonse m'matumbo pogaya chakudya, chiwindi n'kumusandutsa zinthu zotuluka ndi mkodzo. Kunena za kloramini weniweniyo, bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linaika malire a mamiligalamu 3 pa lita, ndipo lamulo la madzi akumwa la South Africa, SANS 241, limatsatira mlingo womwewo. Ku America malire ndi mamiligalamu 4. Malire amenewa anawawerengera munthu amene azimwa madziwo moyo wake wonse. Mukamwa, kloramini amasweka m'malovu ndi m'mimba asanafike m'magazi. Mfundo imeneyi muisunge, chifukwa ndi yomwe ikusiyanitsa inu ndi nsomba zija.

Nsomba sizimwa madzi n'kuwagaya ngati ife. Zimapuma m'madzi, ndipo madziwo amadutsa pa ziwalo zopumira za m'mbali mwa mutu, pomwe pali kakhungu kopyapyala kwambiri pakati pa madzi ndi magazi. Kloramini amapsereza kakhunguko n'kulowa m'magazi mwachindunji, magaziwo n'kulephera kunyamula mpweya. Bambo a kunyumba anachita zimene ambiri anaphunzira, zoti ukasiya madzi panja klorini amauluka. Kwa klorini zimathekadi. Kwa kloramini masiku awiri ndi ochepa, paja anamusankhira kukhalitsa komweko. Akafuna kuyambiranso kuweta, agule mankhwala othira m'madzi a nsomba ku sitolo ya ziweto, ndipo awerenge pabotolo kuti akuchotsa kloramini ndi amoniya yemwe, chifukwa ena amangomasula klorini n'kusiya amoniya, amenenso nsomba sizimupirira. Asamasinthenso madzi onse nthawi imodzi.

Tsopano nkhani ya apongozi anu, yomwe ndiyo yofunika kuposa zonse mwafunsazi. Apa m'pamene uthenga uja uli ndi choonadi, koma unachipotoza. Kloramini sawononga impso za munthu wakumwa madzi. Chimene chilipo n'chakuti ndi woopsa akalowa m'madzi ogwiritsa ntchito pa makina osefa magazi. Pa makina paja, magazi a wodwala amayenda mbali imodzi ya kansalu kopyapyala, madzi osakaniza ndi mchere wapadera akuyenda mbali inayo. Palibe mimba yoti iswe mankhwalawo. Kuchuluka kwa madzi nakonso n'kosiyana kwambiri. Munthu wabwinobwino amamwa malita pafupifupi 14 pa sabata, koma pa maola anayi a pa makina, magazi a apongozi anu amakumana ndi malita pafupifupi 120, ndiye kuti oposa 300 pa sabata. Kloramini akadutsa pa kansalu kaja amaswa maselo ofiira a magazi, ndipo wodwala amatha kuchepa magazi mwadzidzidzi. Zimenezi zinachitikapo m'zipatala za m'maiko ena zosefera madzi zitalephera, n'chifukwa chake malamulo ake ndi okhwima. Madzi a pa makina amayenera kukhala ndi klorini ndi kloramini wosapitirira mamiligalamu 0.1 pa lita, kuchepa ka 30 poyerekeza ndi malire a madzi akumwa.

Zipatala zosefa magazi zimadziwa zimenezi. Madzi awo amadutsa m'matanki a makala apadera, kawirikawiri awiri otsatizana, kenako m'makina ena osefa, ndipo amawayeza asanalumikize odwala. Klorini wamba nayenso amayenera kuchotsedwa chimodzimodzi, choncho si vuto lobwera ndi kloramini yekha. Inu muli ndi ufulu wofunsa. Tsiku lina powaperekeza, afunseni anamwino mwaulemu kuti madzi a pa makina amawayeza kangati ndipo zotsatira amalemba pati. Chipatala chosamala sichikhumudwa ndi funso lotere. Ngati madokotala angadzanene zoti makinawo abwere kunyumba, pamenepo nkhani ya madzi iyenera kukambidwa poyamba penipeni, akatswiri a makinawo adzayeze madzi anu ndi kuika zosefera zake.

Za kumwa, apongozi anu atha kumwa a pampopi, koma kuchuluka kwake atsatire zimene adokotala awo anawauza, poti odwala impso amapatsidwa muyezo wa madzi pa tsiku. Ndipo iwo ndi amene ayenera kutalikirana kwambiri ndi madzi a m'zigubu osadziwika gwero. Thupi lawo sililimbana ndi matenda ngati lanu, ndipo kutsegula m'mimba kwa tsiku limodzi kutha kuwagonetsa m'chipatala. Akabwera kuchokera pa makina ali wefuwefu, m'maso ndi m'manja mwayera, akumva kupweteka pachifuwa kapena kumsana, kapena mkodzo wada ngati tiyi, musadikire tsiku lotsatira. Imbirani chipatala chawo nthawi yomweyo kapena muwatengere kumalo olandirira odwala mwadzidzidzi.

Kunena za mwana wanu, ndikumvetsa chifukwa chake mukukayikira madzi, poti kuyabwako kumakula akangosamba. Alipodi anthu amene amadandaula kuti madzi okhala ndi mankhwala opha tizilombo amawaumitsa khungu, makamaka amene khungu lawo ndi losachedwa kutupa. Sindikuwatsutsa. Koma taonani mwezi umene mwatchula. June ndi chiyambi cha nyengo yachisanu ku Gauteng, yozizira ndi youma kwambiri, mzinda uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, mvula kulibe, m'nyumba mwayatsidwa hita. Nthawi imeneyi timasambitsa ana madzi otentha kwambiri powamvera chisoni ndi kuzizira, timawapaka sopo wambiri, ena wochapira zovala, n'kuwakhula ndi chinkhupule mpaka khungu kuwala. Ena timathiramo Dettol kapena Savlon m'madzi osamba. Zonsezi zimachotsa mafuta achilengedwe a pakhungu. Kloramini anali m'madzi anu mu January ndi mu March momwe, mwanayo asakudzikanda. Chimene chinasintha mu June ndi nyengo ndi kasambidwe.

Yesani izi kwa masabata awiri. Madzi akhale ofunda chabe, osati otentha, ndipo kusamba kusapitirire mphindi 10. Chinkhupule ndi mankhwala othira m'madzi zisiyeni. Sopo akhale wopanda fungo, wongopaka m'khwapa, kumaliseche ndi kumapazi. Mukamutulutsa musamukhule ndi thaulo, ingomugundagundani, ndipo khungu lisanaumiretu mupakeni Vaseline wopanda fungo kapena mafuta a ku famase otchedwa emulsifying ointment, m'mawa ndi madzulo. Zovala zake muzitsukuluze kawiri kuti sopo wa ufa atheretu, zikhadabo muzimuwenga. Ana ambiri amasintha ndi zimenezi zokha.

Ngati mukufunabe kudziwa ngati madzi ali ndi mbali pa vutoli, pali njira yotsika mtengo. Vitamini C amathetsa kloramini nthawi yomweyo. Piritsi limodzi la mamiligalamu 1,000, losakhala ndi zokometsera, mukaliphwanya n'kulisungunula limakwanira bafa lonse, ndiye pa beseni la mwana kachidutswa chabe n'kokwanira. Koma muyese zimenezi pazokha, mutamaliza masabata awiri aja, kuti mudziwe chimene chathandiza. Mukasintha zonse tsiku limodzi simudzadziwa.

Pali china chimene ndikufuna muyang'anitsitse. Ngati kuyabwako kumakula usiku, ngati pali tizilonda pakati pa zala, pamkono, pamchombo kapena kumatako, ndipo wina m'nyumbamo wayambanso kudzikanda, amenewo atha kukhala mphere. Mphere sachokera m'madzi, ndipo amafuna mankhwala opaka banja lonse nthawi imodzi, zofunda zichapidwe. Pitani naye ku kiliniki ngati masabata awiri atha osasintha, ngati akulephera kugona, ngati zilonda zikutuluka madzi kapena mafinya, kapena watentha thupi. Akatupa milomo kapena kumaso, kapena akamapuma molira ngati wa mphumu, thamangani naye tsiku lomwelo. Chonde musamupake tizodzola ta m'machubu togulitsidwa m'misewu, tambiri timakhala ndi mankhwala amphamvu opyapyalitsa khungu la mwana.

Anthu ambiri amasokonezanso kloramini wa pampopi ndi abale ake. Alipo a mitundu itatu. Wa m'madzi akumwa ndi monokloramini. Amene amafiiritsa maso ndi kutsokomoletsa pa dziwe losambiramo ndi trikloramini, yemwe amapangika klorini akakumana ndi thukuta ndi mkodzo wa osambira. Nkhani zambiri zoopsa za pa intaneti zimakamba za ameneyu koma n'kumazinena ngati za pampopi. Ndipo mpweya woopsadi wa kloramini, umene umagonetsa anthu m'chipatala, umapangidwa m'nyumba ndi manja athu, munthu akasakaniza Jik ndi mankhwala otsukira okhala ndi amoniya, kapena akathira Jik wambiri m'chimbudzi kapena m'ndowa momwe muli mkodzo. Amayi ambiri a kwathu akugwira ntchito za m'nyumba kumeneko, akutsuka mabafa ang'onoang'ono otseka mawindo. Ngati pali uthenga woyenera kufalitsidwa pa gulu lanu ndi umenewu: Jik asasakanizidwe ndi china chilichonse kupatula madzi, ngakhale viniga. Wina akapuma mpweyawo, atuluke panja msanga, ndipo ngati kutsokomola ndi kubanika sizikusiya, apite kuchipatala.

Nanga khansa? Apa ndinene mosabisa. Mankhwala alionse opha tizilombo akakumana ndi zotsalira za masamba ndi zomera zowola m'madzi, pamapangika tinthu tina tosafunika. Mu 1974 katswiri wina wa ku Rotterdam ku Netherlands, Johannes Rook, anapeza kuti klorini amapanga kloroformu ndi abale ake, omwe pamodzi amatchedwa THM, ndipo kafukufuku wa pambuyo pake anaonetsa kuti kumwa madzi okhala ndi tinthu timeneti tambiri kwa zaka zochuluka kumayenderana ndi kukwera pang'ono kwa khansa ya chikhodzodzo. Chimodzi mwa zifukwa zimene mizinda yambiri inasamukira ku kloramini n'chakuti iye amapanga THM wochepa kwambiri. Koma nayenso ali ndi zake. Amatha kupanga kanthu kotchedwa NDMA, komwe kamayambitsa khansa mu nyama zoyeserapo, ndipo WHO inakaikira malire otsika kwambiri, gawo limodzi mwa magawo 10,000 a miligalamu pa lita. Kanthu komweka kamapezekanso mu utsi wa fodya, mumowa, ndi mu nyama ndi nsomba zowamba kapena zosungidwa ndi mchere, ndipo kwa anthu ambiri kamene kamalowa m'thupi kudzera m'chakudya kamaposa ka m'madzi. Kloramini weniweniyo, bungwe lofufuza za khansa la IARC silinamuike m'gulu la zinthu zodziwika kapena zoganiziridwa kuti zimayambitsa khansa mwa anthu. A WHO amanenetsa kuti kupha tizilombo m'madzi kusafooketsedwe pofuna kuchepetsa tinthu timeneti, ndipo ine ndimagwirizana nazo ndi mtima wonse, chifukwa ndaona zimene madzi opanda mankhwala amachita kwa ana.

Vuto lalikulu limene kloramini anabweretsapo m'mbiri silinatchulidwe n'komwe mu uthenga wanu, ndipo ndi la mtovu. Mu 2000 mzinda wa Washington, D.C. ku America unasiya klorini n'kuyamba kloramini. Nyumba zambiri zakale kumeneko zinali ndi mapaipi a mtovu. Kwa zaka zambiri klorini anali atapanga kachikhungwa kolimba mkati mwa mapaipiwo, kotchinga mtovu kuti usasungunukire m'madzi. Mankhwala atasintha, kachikhungwako kanayamba kusungunuka, ndipo mtovu unakwera kwambiri m'madzi a nyumba zikwizikwi. Nkhaniyi inaphulika m'nyuzipepala ya Washington Post mu January 2004, ndipo katswiri wa ku yunivesite ya Virginia Tech, Marc Edwards, anachita khama kuonetsa gwero lake. Akuluakulu a za madzi anaikonza pothira mankhwala ena otchedwa orthophosphate, omwe amakutira mapaipi mkati. Mtovu umawononga ubongo wa ana aang'ono, ndipo ulibe fungo kapena kakomedwe koti n'kuuzindikira.

Chimene chinavulaza anthu ku Washington chinali kusintha mankhwala popanda kuganizira mapaipi akale. A Rand Water akhala akugwiritsa ntchito kloramini kwa zaka zambiri, choncho si kusintha kwadzidzidzi. Komabe ngati mukukhala m'nyumba kapena m'fulati yakale kwambiri, monga zili m'madera ena a pakati pa mzinda, chitani izi: m'mawa tsegulani mpopi wa kukhitchini madzi ayende mpaka muwamve kuti azizira, amenewo musunge ochapira kapena othirira maluwa, kenako mutunge akumwa. Pophika ndi pokonza mkaka wa mwana gwiritsani ntchito mpopi wa madzi ozizira, osati a m'giza, chifukwa madzi otentha amasungunula zitsulo msanga. Kuwiritsa sikuchotsa mtovu. Ngati m'nyumbamo muli mayi woyembekezera kapena khanda ndipo mapaipi ake ndi okayikitsa, tengerani madzi ku labotale yovomerezeka ndi SANAS, bungwe loona za malabotale m'dzikolo, akayeze mtovu. Malire ake ndi mamiligalamu 0.01 pa lita. Ndalama imeneyo ndi yaphindu kuposa ya zigubu.

Ngati fungo kapena kakomedwe ndi komwe kakukusowetsani mtendere, pali zochita. Choyamba tungani m'tambula, mupite nayo chipinda china, mununkhize. Nthawi zambiri fungo limene timanamizira madzi limachokera m'kabowo ka sinki. Ngati lilidi m'madzi, ikanimo kagawo ka ndimu kapena lalanje m'jagi, muike m'firiji kwa theka la ola. Zoti kuwiritsa sikuchotsa kloramini ndi zoona pang'ono. Ketulo yongowira n'kuzima imachotsa wochepa, pamafunika kubwatitsa mphindi pafupifupi 20, ndipo palibe chifukwa cha umoyo chowonongera magetsi motero. Nsima, nyemba ndi thobwa zimakhala pamoto nthawi yaitali, musade nazo nkhawa. Ofuna kugula sefa adziwe kuti tisefa ta m'majagi ta makala wamba timachotsa klorini bwino koma kloramini pang'ono chabe, poti madzi amadutsamo mothamanga. Funani yolembedwa catalytic carbon, kapena yonena mwachindunji kuti imachepetsa kloramini. Koma sefa ikachotsa mankhwala, madziwo alibenso chitetezo, ndipo sefa yosasinthidwa pa nthawi yake imasanduka poswanirana tizilombo. Madzi osefa asungidwe m'firiji ndi kumwedwa tsiku lomwelo kapena lotsatira.

Ndibwerere ku funso lanu lenileni, la zigubu. Yankho langa ndi lakuti ayi, musatero, ndipo anzanuwo muwachenjeze mwachikondi. Madzi a pachitsime atha kuoneka oyera ngati galasi, ozuna kukhosi, koma palibe amene akuwayeza. Ku Gauteng pansi pa nthaka pali mavuto ake: mapaipi a zonyansa za m'zimbudzi amene amaphulika, zimbudzi zokumba, ndi madzi a asidi ochokera m'migodi yakale ya golide, omwe amanyamula zitsulo zoopsa. Simukudziwanso kuti chigubucho chinasungirapo chiyani kale, ndani anachitsuka, ndi madzi anji. Mu 2023 kolera inapha anthu oposa 20 ku Hammanskraal, kumpoto kwa Pretoria, dera lomwe anthu anakhala zaka zambiri opanda madzi a pampopi odalirika. Lipoti la boma la Blue Drop la chaka chomwecho linapeza kuti pafupifupi theka la malo operekera madzi akumwa m'dzikolo sanali kukwaniritsa bwino muyezo wa tizilombo, ndipo chigawo cha Gauteng ndi chomwe chinachita bwino kuposa zina. Kwathu, kolera yomwe inayamba mu March 2022 inatenga miyoyo yoposa 1,700, mliri woipitsitsa wa kolera m'mbiri ya Malawi. Ambiri a ife tili ndi wachibale kapena mnansi amene anagona m'matenti aja. Matenda otere amafala msanga kumene mankhwala m'madzi mulibe kapena ali ochepa.

Pamene muyenera kusamala ndi madzi a pampopi ndi pomwe asiya n'kubweranso. Akabwera ofiirira kapena a matope, asiyeni ayende mpaka ayere. Akaoneka oyera ngati mkaka koma n'kuyera okha kuchokera pansi mukawasiya m'tambula, umenewo ndi mpweya chabe. Tsiku loyamba kapena awiri, akumwa muwawiritse mpaka abwate kwa mphindi imodzi, makamaka a apongozi ndi ana. Madzi osunga m'ndowa, m'zigubu kapena m'thanki ya panja nawonso sakhala otetezeka mpaka kalekale, chifukwa kloramini amatha pang'onopang'ono, makamaka kukatentha. Zosungiramo zikhale zotsuka, zovundikira, zapamthunzi, ndipo potunga muzithira osati kuviikamo kapu ndi dzanja. Ngati mwakakamizika kumwa madzi a pa galimoto ya thanki kapena ena okayikitsa, awiritseni, kapena thirani supuni yaing'ono imodzi ya Jik wopanda fungo m'malita 20 mpaka 25, mutakase, mudikire mphindi zosachepera 30. Akakhala a matope yambani mwawasefa pa nsalu yoyera. Mkaka wa m'chitini wa khanda nthawi zonse ukonzedwe ndi madzi owiritsa, kaya achokera kuti.

Madzi akamanunkha zonyansa za m'chimbudzi, petulo kapena mankhwala achilendo, kapena akakhalabe ofiirira mutawasiya akuyenda kwa nthawi, siyani kumwa ndipo mukanene kwa a Johannesburg Water. Akupatseni nambala ya dandaulo lanu, muisunge, ndipo funsani anansi ngati kwawonso zili choncho, kuti mudziwe ngati vuto lili m'nyumba mwanu kapena mumsewu wonse. Muthanso kuwapempha zotsatira za kuyeza madzi a dera lanu, muone nokha mlingo wa kloramini ndi wa tizilombo totchedwa E. coli, tomwe sitiyenera kupezeka ngakhale kamodzi m'mamililita 100. Wina m'nyumbamo akayamba kutsegula m'mimba kwa madzi okhaokha ooneka ngati otsukira mpunga, muyambe kumumwetsa ORS muli panjira yopita kuchipatala. Kwa apongozi anu, kutsegula m'mimba kapena kusanza kulikonse muwadziwitse a chipatala chawo cha impso tsiku lomwelo musanawapatse ORS, chifukwa muli mchere wa potaziyamu umene thupi lawo silitha kuutulutsa.